Hydro ndi madzi kapena magetsi?

FUNSO: Amalume, ndili kuno ku Ottawa, ku Canada, miyezi iwiri tsopano, ndinabwera kudzaphunzira. Chizungu ndimachidziwa ndithu koma anthu akunowa akayamba zawo ndimangoti kakasi. Alandilodi anandiuza kuti pa lendi palibe "hydro", ine nkumati akunena madzi, ndangodabwa yabwera bilu ya magetsi. Kusitolo akuti "loonie", mnzanga akuti ndikamugulire "double-double". Ndithandizeni, manyazi andikwana. Wophunzira, Ottawa

YANKHO: Pepa mphwanga, ya hydro imeneyi yagwetsa ambiri. M'zigawo za Ontario, Quebec, Manitoba ndi British Columbia akati hydro ndi magetsi basi, chifukwa kuyambira kalekale magetsi awo ankawapanga ndi mphamvu ya madzi ngati pa mathithi a Niagara paja, mpaka makampani ake maina ndi omwewo, Hydro-Québec, BC Hydro. Ndiye tsiku lina usanasaine za nyumba ufunsitsitse kuti hydro alipira ndani, makamaka ngati nyumbayo amaifunditsa ndi magetsi, chifukwa bilu ya Januwale imaliza ndi munthu wamkulu yemwe.

Zinazi nzosavuta. Loonie ndi ndalama yachitsulo ya dola imodzi, inatuluka mu 1987 ndipo pali chithunzi cha mbalame ya m'madzi yomwe amati loon. Itabwera ya madola awiri mu 1996, ya chimbalangondo choyera ija, anthu anangoti iyi ndiye toonie. Double-double ndi khofi wothira kirimu kawiri shuga kawiri, ukangonena choncho pa malo ogulitsira khofi a Tim Hortons sakufunsanso kanthu. Ine amandilaka kutsekemera koma eni ake ndiye amafa naye.

Chimbudzi amati washroom. Toque, yomwe amatchula ngati "tuuk", ndi chipewa choluka chija, ugule Disembala asanafike makutu angathothoke.

Koma imene ndimaikonda ine ndi "eh". Ndi "eti" wathu yemweyu! Munthu akati "Cold, eh?" sakufunsa kuti adziwe ayi, nayenso akunjenjemera pompo, akungofuna umuvomereze mucheze. Nanga "sorry", ukhoza kumuponda phazi iweyo m'basi iye nkuyamba kupepesa, usadabwe, nawe ungoti sorry nkusuntha phazilo.