Musafulumire kuwasiyitsa metformin amayiwo

Achemwali, mwati amayi anu akumwa mankhwala a matenda a shuga, metformin ndi glibenclamide, koma metformin akuwatsegula m'mimba, ndiye mukufuna angotsala ndi glibenclamide. Ine ndikuti dikirani kaye. Bambo anga akhala pa mankhwala awiri omwewa zaka zambiri, ndipo pa awiriwa amene ndimaopa ine ndi glibenclamide.

Metformin amaletsa chiwindi kuthira shuga wambiri m'magazi, komanso amathandiza thupi kumvera insulini (timadzi ta m'thupi totsitsa shuga m'magazi) yomwe lili nayo kale. N'chifukwa chake paokha sagwetsa shuga mwadzidzidzi. Si mankhwala a dzulodzulo ayi: dokotala wa ku France, Jean Sterne, anayamba kupatsa odwala shuga mu 1957, ndipo gwero lake ndi chitsamba chotchedwa Galega officinalis. Kutsegula m'mimbako ambiri kumawapeza poyamba, kenaka kumachepa. Azimwa ali pakati pakudya, osati m'mimba mulibe kanthu. Adokotala akhoza kuwabwezera pa 500mg n'kumakweza pang'onopang'ono.

Glibenclamide ndiye alibe chisoni. Amafinya kapamba kuti atulutse insulini, kaya munthu wadya kaya sanadye. Amayi akamwa m'mawa n'kuthamangira kumaliro osadya ngakhale phala, shuga amatsika mowopsa. Bambo anga zinawagwera m'minibasi ya ku Area 25: thukuta kamukamu, manja kunjenjemera, kulankhula zosamveka, mpaka kondakitala ankati aledzera. Mwayi wake mayi wina anawamwetsa Fanta. Kuyambira tsiku limenelo sayenda opanda maswiti m'thumba. Kwa okalamba, makamaka impso zikayamba kufooka, mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, choncho mukafunse adokotala ngati m'malo mwa glibenclamide angawapatse gliclazide, mankhwala enanso a shuga.

Mukapita nawo ku Kamuzu Central kapena komwe amalandirira mankhwala, akayezetse impso, chifukwa metformin amachoka m'thupi kudzera m'mkodzo. Chinanso, pepani sindikufunsa kuti muyankhe pagulu pano: ngati amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, mukanene. Dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi, ndipo mwina m'mimbamo mukuvutira pomwepo.

Koma ngati kutsegulako kwafika poti akusanza, madzi sakukhazikika, apo musadikire tsiku lolembedwa m'buku lawo lakuchipatala. Pitani nawo lero lomwe, mapaketi onse a mankhwala ali m'chikwama.