Tifunseni: Denje ndi chewe ndizisiyanitsa bwanji?

FUNSO: Zikomo alembi. Ndakulira mtauni koma pano ndili kwa apongozi ku Chipoka, ndiye akandituma kukathyola thelele wa kutchire ndimangoima mmunda osadziwa kuti denje ndi uti chewe ndi uti. Ndithandizeni chonde. Mayi wa ku Salima.

YANKHO: Mayi musadandaule, kuti musavutike muziyamba kuyang'ana duwa. Denje ali ndi timaluwa ting'onoting'ono tachikasu, tsamba lake mmbali ndi la manomano ngati sowo, ndipo kumunsi kwa tsamba pafupi ndi kamtengo kumakhala timichira tiwiri tonga tsitsi, mukationa timeneto basi ndi denje ameneyo. Zipatso zake ndi timakoko titalititali towonda.

Chewe ndi mbale wake wa chitowe, duwa lake ndi lalikulupo la pinki kapena lofiirira, lobooka mkati. Fikisani tsamba ndi zala mutanyowetsa muona kuterera. Onsewa amafuna chidulo kapena soda pophika, koma musachulutse, ndiwo zimawawa.

Luni simungamusokoneze, masamba asanu pa kamtengo kamodzi, maluwa oyera komanso kafungo kake kamphamvu.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri, m'nyengo ya mvula musathyole chinthu chifukwa chafanana ndi chithunzi cha pa foni, makamaka bowa, anthu amafa nazo zimenezi. Pitani ndi apongozi anuwo kawiri katatu akulozereni chili chomera ndithu. Ngati chikukaikitsabe, a National Herbarium ku Zomba ndiye ntchito yawo yozindikira zomera.