Zohran Mamdani anali phungu wa chani kwenikweni?

Achemwali ena amene amatiwerenga ali ku Joni anditumizira imelo, akuti akumva kuti mnyamata anawina umeya wa New York mu 2025 uja anali kale phungu, ndiye akufunsa kuti anali wa palamenti ya America yonse kapena chani, nanga munthu wobadwira ku Uganda anafikapo bwanji pamenepo?

Ayi achemwali, ku Washington sanakhaleko. America ili ndi ma state 50 ndipo iliyonse ili ndi nyumba yake ya malamulo. Ya New York imakumana ku Albany, osati mumzinda wa New York ayi, ndipo ili pawiri, Assembly ya aphungu 150 ndi Senate ya 63. Mamdani anali wa Assembly, dera nambala 36, ku Astoria m'chigawo cha Queens. Mpando wake ndi wa zaka ziwiri basi, ukangokhala pansi kampeni ina yayamba kale. Koma musawaderere anthu amenewa, bajeti ya state, malamulo a lendi, ndalama zoyendetsera mabasi ndi sitima, zonsezi zimadutsa m'manja mwawo.

Anabadwira ku Kampala mu 1991. Bambo ake a Mahmood Mamdani ndi pulofesa, mmodzi mwa amwenye amene Idi Amin anawathamangitsa mu 1972, mayi ake amapanga mafilimu, ndiye tisanamizane kuti anakulira mu umphawi. Anakhalako ku Cape Town ali mwana, ku New York anafika ali ndi zaka 7, digiri anatenga ku Bowdoin College mu 2014, koma unzika wa America anaupeza mu 2018. Asanalowe ndale amagwira ntchito yothandiza anthu amene banki ikufuna kuwalanda nyumba chifukwa cha ngongole, ndipo ine ndimaona kuti ndale zake zonse zinachokera pamenepo.

Mu 2020 anapikisana ndi mayi Aravella Simotas pa mapulaimale a chipani cha Democratic, mayi oti akhala pampandopo pafupifupi zaka 10, n'kuwagwetsa ndi mavoti osafika 500, akuthandizidwa ndi gulu la Democratic Socialists of America loyenda khomo ndi khomo.

Nkhani imene inamutchukitsa ndi ya madalaivala a taxi zachikasu zija. Kuti uyendetse taxi yako ku New York umafunika chiphaso chotchedwa medallion, ndiye mtengo wake unakwera mpaka kudutsa 1 miliyoni dollars, anthu ambiri obwera kuchokera kunja anatenga ngongole zoopsa kuti agule, kenako kunabwera Uber, kampani ya magalimoto oitanitsa pa foni, mtengo uja n'kugwa koma ngongole osagwa, ena mpaka anadzipha. Mu 2021 madalaivalawa anamanga misasa panja pa City Hall, ku maofesi a meya wa mzindawo, n'kuyamba kunyanyala chakudya, Mamdani anakhala nawo osadya masiku 15, phungu wathunthu kukhala pampando wapanja ndi botolo la madzi. Mapeto ake mzinda ndi kampani yaikulu yobwereketsa anagwirizana kuti ngongole zitsitsidwe, zisapitirire 170,000 dollars pa munthu.

Za mabasi aulere anakankhanso, mu 2023 anayesera pa misewu isanu, umodzi m'chigawo chilichonse cha mzindawo, koma patatha chaka pulogalamuyo inatha, aphungu anzake sanaikenso ndalama. Ndipo apa ndi pomwe omutsutsa amamugwira, mabilu ake amene anasanduka lamulo ndi ochepa kwambiri. Zoona zimenezo, ineyo sindikana. Mphamvu zake zinali pa msewu ndi pa foni, osati m'makomiti a ku Albany.

Anawinanso mpandowo mu 2022 ndi 2024, kenako mu 2025 pa mpikisano wa umeya anagonjetsa Andrew Cuomo, yemwe kale anali bwanamkubwa wa state yonse, kawiri konse, pa mapulaimale mu June komanso pa chisankho chenicheni pa 4 November, chimene anawina ali ndi zaka 34. Za upulezidenti musaziganizire n'komwe achemwali, malamulo a America salola munthu amene sanabadwe ali nzika.