Ndaika injini ya V8 mu Land Rover yakale, ndiitchule mtengo wanji?

Funso: Ndili ndi Land Rover Series III ya 1978 imene malemu bambo ankanyamulira mabelo a fodya kuno ku Kasungu. Ndinachotsa injini yake n'kuikamo ya Lexus ya V8, ndinasinthanso giyabokosi, mipando, marimu ndi penti. Zonse zandidyera ndalama zoposa K18 miliyoni. Kodi pogulitsa ndiyambire pamenepo n'kuwonjezerapo phindu?

Yankho: Pepani bambo, msika suyendera malisiti. Penti ndi mipando munasankha zokomera mtima wanu, ndipo wogula salipira zokonda za mwini wakale. Galimoto zosinthidwa chonchi kawirikawiri sizibweza ndalama zonse zimene zinalowapo.

Choyamba dziwani kuti wogula wanu ndani. Amene amatolera galimoto zakale amafuna Series III monga inachokera ku fakitale ya Solihull ku England pakati pa 1971 ndi 1985, ndi kainjini kake ka malita 2.25, nambala zake zikugwirizana ndi mapepala. Kwa iwowo V8 yatsitsa mtengo. Ngati injini yakaleyo ikadali pakhonde, musaigulitse kwa ogula zitsulo, ipite limodzi ndi galimotoyo. Mlimi amene wangolandira ndalama za fodya ku okushoni ya ku Chinkhoma nayenso si wanu, akufuna Hilux ya dizilo, osati chigalimoto cha V8 chomwa petulo m'dziko limene mizere ya pa filing'i siteshoni timaidziwa tonse. Otsala ndi okonda kulira kwa V8, ndipo ndi ochepa. Ambiri ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kutsidya ku Lusaka.

Anthu amenewa sachedwa ndi penti, amagona pansi pa galimoto. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, ndiye imanamiza maso. Chasisi ndi chachitsulo. Tengani kahamala mugogode mtanda wakumbuyo ndi timikono tonyamula bodi, muonenso pamene pamaponda mapazi a dalaivala, pajatu napo ndi pachitsulo. Pakalira ngati chitini kapena pakagwa mafufuzi ofiira, mtengo wagwa kale. Adzafunsanso za mabuleki. Injini ya Lexus ija ili ndi mphamvu zoposa katatu za yoyambayo, pamene Series III inabwera ndi mabuleki a dramu mawilo onse anayi komanso mashafuti akumbuyo odziwika ndi kuthyoka. Ngati zimenezi simunakhudze, wogula adzachotsera yekha mtengo wozikonzera, ndipo adzakhala akulondola.

Kenako bulubuku. Nambala ya injini yatsopanoyo inalembetsedwa ku Road Traffic? Umwini unachoka m'dzina la malemu? COF, chikalata chakuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ilipo? Popanda izi mukugulitsa masipeyala, ndipo wa ku Zambia sangaidutsitse pa chipata cha Mchinji, pajatu pamafunikanso chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti siyobedwa.

Tsono werengerani chonchi. Funsani amakaniko awiri kapena atatu kuti injini, giyabokosi, matayala ndi bodi zingagulidwe zingati mutazigulitsa padera. Mtengo umenewo ndi pansi penipeni, musatsike kupitirira apo. Ndiye fufuzani Land Rover zosasinthidwa zooneka ngati yanu kuti zinapita pa zingati. Ndati zinapita, chifukwa mitengo ya pa Facebook ndi yotchula chabe, ndipo galimoto imene yakhala pamenepo miyezi isanu ikukuuzani kuti mtengo wakewo anthu aukana. Tsamba la pa intaneti logulitsirapo galimoto la Bring a Trailer limaonetsa mitengo yogulidwiradi, koma ndi madola a ku America, musakomedwe nawo. Pamwamba pa mtengo wa yosasinthidwayo wonjezerani gawo chabe la zimene munaika, makamaka zimene zili ndi malisiti ndi zithunzi za ntchitoyo ikugwiridwa.

Musagulitse mothamangira fizi kapena feteleza, galimoto yotere imatha kudikira mwini wake miyezi. Adobadoba akabwera, gwirizanani za gawo lawo polemba asanabweretse munthu, apo ayi adzatchula mtengo wawo kuseri ndipo inu mudzalandira zotsala.