Kodi amachemerera dziko kapena amachemerera munthu?

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu a ku India amafika pomutcha Sachin Tendulkar mulungu wa kiriketi, komanso ngati kumeneko kuli kukonda dziko kapena kupenga chabe. Ena akuyankhani kale kuti ndi kukonda dziko basi. Ine kiriketi ndaitsatira kwa zaka zambiri ndithu, ndipo ndikuona kuti yankho limenelo lafupika. Kupembedza wosewera ndi kunyadira dziko zimayendera limodzi masiku ambiri, koma liripo tsiku limene zimasemphana, ndipo tsiku limenelo ndi limene mtima weniweni wa wochemerera umaonekera.

Tiyambe ndi mmene masewerowa alili. Mu mpira wamiyendo anthu 22 amathamanga nthawi imodzi, ngakhale katswiri amatha kusowa kwa mphindi 20 osaukhudza mpira. Mu kiriketi womenya mpira amaima yekhayekha, woponya akumudzera, ena onse atamuzungulira ngati afisi. Masewero a Test amatenga masiku 5, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala pabwalo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kamera ili pankhope pake, dziko lonse likumuona akupukuta thukuta. Chilichonse chimene wachita chimalembedwa pa dzina lake. Ku Australia mpaka lero nambala ya 99.94 aliyense wokonda masewerowa amaidziwa kuti ndi ya Don Bradman, katswiri wawo womenya mpira. Pa masewero ake omaliza ku The Oval mu 1948 ankangofunika ma run 4 (ma run ndiwo zigoli za kiriketi) kuti avareji yake ichoke pa 99 n'kukwana 100, koma woponya anamutulutsa, kutanthauza kuti mpata wake womenya unatha, asanapeze ngakhale imodzi. Bradman anatchuka m'zaka za m'ma 1930, pamene chuma cha dziko lonse chinali chitagwa ndipo anthu ambiri ku Australia analibe ntchito. Munthu amene alibe chonyadira kunyumba amakapeza chonyadira pabwalo.

Za Tendulkar zikufanana pang'ono. Anayamba kusewerera India mu 1989 ku Karachi ali ndi zaka 16, kamnyamata kooneka ngati kakusukulu, akulimbana ndi oponya a Pakistan, Wasim Akram ndi Waqar Younis. Patangopita zaka ziwiri India inatsegula chuma chake, ma TV anayamba kulowa m'nyumba zambiri, makampani akufuna nkhope yotsatsira malonda. Timu ya nthawi imeneyo inkavutika ikapita kunja, ndiye chiyembekezo chonse chinkatsamira pa iye. Amwenye eniake amanena kuti Sachin akatuluka anthu ankazimitsa TV n'kumakachita zina. Tangoganizani: timu ya dziko lawo ikadali pabwalo, osewera ena asanalowe n'komwe, koma kwa iwo masewero atha.

Umboni wake unaoneka ku Eden Gardens mumzinda wa Kolkata mu 1996, pa semifainolo ya chikho cha dziko lonse yolimbana ndi Sri Lanka. India inali pa ma run 98 itataya wosewera mmodzi yekha. Tendulkar atangotuluka, enawo anagwa ngati nthochi zakupsa mpaka kufika 120 atatuluka anthu 8. Ochemerera anayamba kuponya mabotolo pabwalo ndi kuyatsa moto m'mipando, mpaka woyang'anira masewerowo, Clive Lloyd, anawaimitsa n'kupereka chipambano kwa Sri Lanka. Vinod Kambli, womenya mpira wa India, anachoka pabwalo akulira. Amene anachititsa India manyazi pamaso pa dziko lonse usiku umenewo anali omwewo odzitcha okonda dziko.

Chomwe chimandiseketsa ine ndi cha 2012. Tendulkar anali atamenya ma century 99 (century ndi ma run 100 pa mpata umodzi womenya) m'masewero a mayiko, ndipo kwa chaka chathunthu nkhani inali imodzi: ya 100 ibwera liti? Inabwera mu Marichi ku Mirpur polimbana ndi Bangladesh. Chisangalalo chinali chosaneneka. Koma masewero amenewo India inagonja, ndipo ambiri amene amakumbukira tsikulo sakumbukira zakugonjazo. Chimodzimodzi fainolo ya chikho cha dziko lonse ya 2011 ku Wankhede mumzinda wa Mumbai. Aliyense amakumbukira kaputeni wa India MS Dhoni akuumenyera mpira kunja kwa bwalo kutseka masewero, koma amene anapeza ma run ambiri ku mbali ya India anali Gautam Gambhir ndi 97, Dhoni anali ndi 91. Gambhir wakhala akudandaula poyera kuti chizolowezi chokweza munthu mmodzi chimaphimba ntchito ya timu. Ena amati ndi nsanje. Mwina ilipo, koma mfundo yake ndi yoona.

Ndiye taonani zimene zimamuchitikira "mulunguyo" zinthu zikavuta. Mu Marichi 2007 India inatuluka m'ndime yoyamba ya chikho cha dziko lonse itagonja kwa Bangladesh ndi Sri Lanka. Anthu anakagwetsa mbali ya nyumba imene Dhoni ankamanga ku Ranchi, kwawo kwenikweni. Mu Seputembala chaka chomwecho Dhoni yemweyo anatsogolera timu kukatenga chikho choyamba cha dziko lonse cha T20, kiriketi yaifupi ya maola ochepa, ku Johannesburg atagonjetsa Pakistan, ndipo anamulandira ngati mfumu. Miyezi 6 yokha.

Ya Mohammed Shami, woponya wa India, ndi yowawa kwambiri. Mu Okutobala 2021 India inagonja kwa Pakistan ku Dubai, Pakistan osataya wosewera ngakhale mmodzi. Timu yonse inasewera moipa, koma pa intaneti anthu anasankha Shami, chifukwa ndi Msilamu, n'kumamunena kuti ndi wogulitsa dziko. Virat Kohli, yemwe anali kaputeni, anamuikira kumbuyo poyera, nayenso anatukwanidwa. Mu 2023 Shami anatulutsa osewera 24 pa chikho cha dziko lonse, kuposa woponya wina aliyense, kuphatikizapo 7 pa semifainolo yolimbana ndi New Zealand. Omutukwana aja anasanduka oimba nyimbo zomutamanda. Kunyadira dziko kwa mtundu umenewu kumayamba ndi kufunsa kuti mwini dziko weniweni ndi ndani, ndipo kumandiopsa.

Musandimve molakwa ngati ndikunena kuti kunyada konse ndi kwachabe. Nkhani ya West Indies imandigwira mtima mpaka lero. Iyo si dziko limodzi n'komwe, ndi mayiko angapo monga Jamaica, Barbados, Trinidad and Tobago, Guyana ndi Antigua, aliyense ndi mbendera yake, koma pa kiriketi amavala malaya amodzi. Masewerowa anawabweretsa ndi atsamunda, ndipo kwa zaka zambiri ukaputeni unkapita kwa azungu, mpaka Frank Worrell atapatsidwa udindowo mu 1960. Mu 1976 kaputeni wa England, Tony Greig, wobadwira ku South Africa ya nthawi ya tsankho, ananena pa TV kuti awachititsa kukwawa. Kwa zidzukulu za akapolo mawu amenewo anali mpeni. West Indies inapambana masewero 3, England osapambana ngakhale amodzi, ndipo Viv Richards anamenya 291 ku The Oval. Anthu a ku Caribbean amene ankagwira ntchito zonyozeka ku London ndi Birmingham anadzaza mabwalo akuimba ndi kuomba zitini. Kwa iwo Richards, amene ankalowa pabwalo opanda chisoti chodzitetezera, akutafuna chingamu, ankawabwezera ulemu umene ankaulandidwa mkati mwa sabata. Kupembedza kumeneko ine sindingakuseke.

Vuto ndi loti ukamukweza munthu kwambiri, maso amachita khungu. Hansie Cronje anali kaputeni wokondedwa wa South Africa, wodziwika ngati munthu wopemphera. Mu Epulo 2000 apolisi a ku Delhi atanena kuti ankachita zachinyengo ndi anthu a juga, ambiri kwawo, ngakhale akuluakulu a masewerowa, anakana kwamtuwagalu kuti Hansie sangachite zimenezo. Patangopita masiku ochepa iye mwini anavomera kuti analandira ndalama. Anamuletsa kusewera moyo wake wonse, ndipo anamwalira pa ngozi ya ndege pafupi ndi George mu Juni 2002. Mu 2004, pa mavoti a pa TV osankha anthu otchuka kwambiri m'mbiri ya South Africa, anakhala nambala 11. Munthu amene anagulitsa masewero a dziko lake.

Masiku ano zafika pena. Chifukwa cha IPL, ligi ya matimu a m'mizinda ya ku India, ndi masamba a mchezo, kuli magulu a Kohli, a Rohit Sharma ndi a Dhoni amene amatukwanizana usiku ndi usana, ena kumasangalala wosewera wa dziko lawo lomwe akalephera, bola asakhale wawoyo. Mu Juni 2025 timu ya Kohli ya ku Bengaluru itatenga chikho cha IPL koyamba, khamu limene linapita kukasangalala pabwalo la Chinnaswamy linapanikizana mpaka anthu 11 anafa. Pamenepo panalibe mbendera ya dziko.

Mwafunsanso ngati anthu omwewo angathe kuyamikira mdani. Angathe. Mu Januwale 1999 ku Chennai India inkafuna ma run 271 kuti igonjetse Pakistan. Tendulkar, msana ukumupweteka, anamenya 136, n'kutuluka patatsala ma run 17 okha. Atatu otsalawo anangowonjezera 4, India n'kugonja ndi ma run 12. Ochemerera a ku Chennai, misozi ili m'maso, anaimirira n'kuwombera m'manja timu ya Pakistan pamene inkazungulira bwalo. Pasanathe milungu itatu matimu omwewo anakumana ku Kolkata. Tendulkar akuthamanga anagundana ndi Shoaib Akhtar wa Pakistan, ndipo Tendulkaryo anatulutsidwa. Mabotolo anayambanso kugwa, mpaka Tendulkar mwiniwake anachita kuzungulira bwalo kupempha anthu kuti akhale chete. Tsiku lomaliza chipwirikiti chitayambiranso apolisi anatulutsa anthu onse, ndipo Pakistan inamaliza kupambana ndi ma run 46 mipando ili yopanda anthu.