Tifunseni: Kompyuta ndi Luso Lolemba la Ophunzira

Akonzi, ndine mphunzitsi wa sekondale. Chiyambireni kutayipa zimangirizo pa kompyuta, ophunzira anga akubweretsa ntchito yaukhondo komanso yaitali kuposa kale. Koma ndikaiwerenga, mfundo zake n'zosokonekera ngati mmene zinkakhalira polemba pamanja. Ndikawauza kuti akakonzenso, amangosintha mawu awiri atatu n'kubweza. Vuto lili pati?

Aphunzitsi, zimene mwaonazi akafukufuku anaziona kale. Mu 1993 Robert Bangert-Drowns anaunika pamodzi kafukufuku 32 ndipo anapeza kuti pulogalamu yolembera imakweza ndithu ntchito ya ophunzira, makamaka amene kulemba kumawavuta, ngakhale kuti kukwerako sikunali kwakukulu. Mu 2003 Amie Goldberg, Michael Russell ndi Abigail Cook anaunika kafukufuku 26 wochitika kuyambira 1992 mpaka 2002, n'kupeza kuti otayipa amalemba zazitali ndiponso zabwinoko. Choncho phindu lilipo. Koma chimene pulogalamu ngati Microsoft Word, LibreOffice Writer kapena Google Docs imachita n'kupeputsa ntchito yosintha zolembedwa. Siuza mwana choti asinthe.

Khalidwe longosintha mawuli linalipo makompyuta asanafale m'makalasi. Mu 1980 Nancy Sommers anayerekeza ophunzira 20 ndi alembi 20 ozolowera ntchito. Ophunzirawo ankati kukonza zolemba ndiko kuchotsa liwu ili n'kuikapo lina. Alembi aja ankayang'ana kaye ngati mfundo zikutsatana, ndipo sankaopa kugwetsa ndime yonse. Kompyuta yabweretsapo misampha ina iwiri. Tsamba lotayipa limaoneka ngati latha ngakhale maganizo ake ali osapsa, ndiye mwana saona chifukwa cholisokonezera. Komanso sikirini imangoonetsa kachigawo ka nkhani, mwina ndime ziwiri kapena zitatu, ndipo diso limakonza chokhacho chimene likuona. Christina Haas anapezanso mu 1989 kuti anthu akamalembera pa kompyuta sataya nthawi yokwanira kukonzekera asanayambe.

Mankhwala ake n'kuleka kunena kuti "kakonzenso" n'kuyamba kugawa ntchitoyo m'maulendo atatu, kuyambira pa zazikulu kutsikira ku zazing'ono.

Ulendo woyamba ndi wa mfundo, ndipo ndi umene uyenera kudya nthawi yambiri. Mwana aike ndemanga m'mbali mwa ndime iliyonse yonena, m'mawu osapitirira 10, chimene ndimeyo ikunena. Mu Word ndi mu Google Docs ndemanga imaikidwa ndi Ctrl+Alt+M. Akamaliza awerenge ndemanga zokhazo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndemanga ziwiri zikafanana, ndime ziwirizo ziphatikizidwe kapena ina ichoke. Akalephera kulemba ndemanga, ndiye kuti ndimeyo ili ndi mfundo ziwiri zofunika kuzigawa, kapena ilibe mfundo n'komwe. Ngati ndemanga yachinayi ikuyenera kubwera isanafike yachiwiri, asunthe ndime yonse: Ctrl+X kenako Ctrl+V, kapena mu Word aike kasa (kamzere kothwanima kosonyeza pamene akulemba) m'ndimemo n'kudina Alt+Shift pamodzi ndi muvi wa m'mwamba kapena wa m'munsi. Kuchepetsa kaonekedwe ka tsamba kufika pa 50% kumathandiza kuona nkhani yonse nthawi imodzi, ndipo ndime yotupa kwambiri imaonekera patali.

Apa pali ngozi imene ambiri saiona. Ndime ikasamuka, imasamuka ndi mawu ake olumikizira. "Choncho", "komabe", "zimenezi" ndi "monga tanena kale" amatsala akuloza chinthu chimene sichilinso pamwamba pake. Lamulo likhale lakuti aliyense amene wasuntha ndime awerengenso chiganizo chake choyamba ndi chiganizo choyamba cha ndime yotsatira.

Ulendo wachiwiri ndi wa ziganizo: awerenge mokweza, ndipo pamene mpweya wamuthera chiganizo chisanathe, achidule. Ulendo wachitatu ndi wa masipelo ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Kukonza masipelo m'ndime yoti ichotsedwa kuli ngati kupaka laimu khoma loti ligwetsedwa mawa. Za kukula kwa zilembo, mitundu ndi zokongoletsa zidikire mpaka pomaliza penipeni, chifukwa mukazilola poyamba zikhoza kudya theka la phunziro.

Ana ambiri amaopa kufufuta chifukwa anavutikira kutayipa. Auzeni atsegule fayilo yachiwiri yoikamo zonse zimene adula. Akadziwa kuti sizinatayike, amadula molimba mtima. Ndipo ngati malikisi onse mumapereka pa ntchito yomaliza yokha, musadabwe akamakonza mwachiphamaso. Patulani gawo la malikisi la kusintha kumene kwaoneka pakati pa zolemba zoyamba ndi zomaliza.

Mwana wanga ali ndi zaka 6 ndipo zolemba zake pamanja siziwerengeka bwino. Kodi si bwino angoyamba kutayipa, popeza m'tsogolo muno zonse n'zapakompyuta? Ndine mayi wodera nkhawa.

Mayi, musamulande pensulo. Pa msinkhu umenewu dzanja likuphunzitsa diso. Mwana akamajambula yekha chilembo, amatsatira kumene mzere wayambira, kumene wakhotera ndi kumene wathera, ndipo n'zimene zimamuthandiza kusiyanitsa b ndi d. Pa kiyibodi zilembo zonse zimatuluka ndi kadinidwe kamodzimodzi. Mu 2005 Marieke Longcamp ndi anzake ku France anaphunzitsa zilembo ana a zaka 3 mpaka 5 kwa milungu itatu, ena polemba pamanja, ena potayipa. Mwa ana okulirapo, olemba pamanja ndi amene ankazizindikira bwino zilembozo.

Palinso nkhani ya liwiro. Mwana amene akusakasaka chilembo chilichonse pa kiyibodi amaiwala chimene amafuna kunena asanamalize chiganizo. Kafukufuku wa Vincent Connelly ndi anzake ku Britain mu 2007 anapeza kuti ana a pulayimale osaphunzitsidwa kutayipa ankachedwa pa kiyibodi kuposa pamanja, ndipo zimangirizo zawo zotayipa zinkatsalira m'mbuyo mpaka ndi zaka ziwiri poyerekeza ndi zolemba pamanja.

Kutayipa kubwere pambali, ngati luso lapadera, akakhwimako. Mphindi 10 mpaka 15 pa tsiku zimaposa ola lathunthu kamodzi pa mlungu. Zala zolozera zikhale pa F ndi J, pamene pali timizere totumphuka, ndipo maso akhale pa sikirini. Kuti mudziwe ngati wakonzeka kulembera zimangirizo pa kompyuta, mupatseni chiganizo chimodzi achikopere mobwereza kwa mphindi ziwiri pamanja, kenako mphindi ziwiri pa kiyibodi, n'kuwerenga zilembo. Kiyibodi ikafanana ndi dzanja, wakonzeka. Koma ngati zaka zikupita dzanja likumupwetekabe kapena zilembo sizikuwongoka ngakhale akuyesetsa, kambiranani ndi aphunzitsi ake. Kwa ana otere kutayipa ndi thandizo lenileni ndipo sayenera kumanidwa.

Ndili ku koleji. Manotsi a m'kalasi ndizitayipa kapena ndizilemba pamanja?

Mu 2014 Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer anapeza kuti otayipa pa laputopu amakonda kukopera mawu a mphunzitsi ndendende, ndipo ankachita mocheperapo pa mafunso ofuna kumvetsa. Akafukufuku ena atabwereza ntchitoyi mu 2019, kusiyana kwa malikisi sikunaoneke kwenikweni. Ife timati choopsa n'kukopera osaganiza, kaya ndi chida chiti. Ngati mukutayipa, dikirani mphunzitsi amalize mfundo, ndiye muilembe m'mawu anuanu, ndipo muzimitse intaneti. Pa masamu ndi maphunziro a zojambula zambiri, pepala n'lachangu.

Ndizimitse timizere tofiira tija timene kompyuta imaika pansi pa mawu olakwika masipelo? Ophunzira anga amaima pa liwu lililonse lolakwika. Ndine mphunzitsi wa zilankhulo.

Muzimitse pa nthawi yolemba koyamba, mutiyatse pa ulendo womaliza. Timizereti tinayamba kuoneka mu Word mu 1995, ndipo vuto lake n'lakuti timadula ganizo pakati. Mu Word pitani ku File, Options, Proofing, n'kuchotsa chizindikiro pa Check spelling as you type. Nthawi yokonza masipelo ikafika, adine F7.

Aphunzitseninso malire a chidachi. Chimayerekeza liwu ndi mndandanda wa mawu amene chili nawo, ndiye liwu lolondola lokhala pamalo olakwika kawirikawiri limadutsa. Wolemba "ana anakana" pofuna kunena "ena anakana" walemba mawu enieni onse, koma tanthauzo lasintha. Mayina a anthu ndi a malo amapatsidwa mzere wofiira ali olondola. Choipa kwambiri ndi mwana wongosankha liwu loyamba pa mndandanda umene pulogalamu yamupatsa, osaliwerenga. Ayambe wayesa yekha kukonza, ndipo mawu amene amalakwitsa mobwereza awalembe pamanja m'kope lake, apo ayi adzawalakwitsanso pa mayeso pamene palibe mzere womuchenjeza.

Ngati akulemba m'chilankhulo chimene pulogalamuyo ilibe dikishonale yake, tsamba lonse limafiira, ndipo AutoCorrect, mbali ya pulogalamu imene imakonza yokha mawu munthu akamatayipa, ikhoza kusintha mawu mwakachetechete. Mu Word asankhe zonse ndi Ctrl+A, apite ku Review, Language, Set Proofing Language, n'kuchonga Do not check spelling or grammar. Ayang'anenso AutoCorrect Options n'kuzimitsa Replace text as you type.

Ndingadziwe bwanji kuti wophunzira wakonzadi ntchito yake, kapenanso kuti walemba yekha?

Apa ndi pamene kompyuta imaposa pepala kutalitali. Asanayambe kukonza, ayatse Track Changes, mu Word ndi Ctrl+Shift+E. Zochotsedwa ndi zowonjezedwa zonse zimaoneka ndi mtundu wina, ndipo mwa kungoyang'ana mudziwa ngati wasuntha mfundo kapena wangowaza timawu apa ndi apo. Ngati anaiwala kuyatsa, Review kenako Compare imayerekeza mafayilo awiri. Mu Google Docs pitani ku File, Version history, kumene mungaone mmene nkhani inakulira ndi nthawi yake. Ndime zisanu zotulukira m'mphindi imodzi zikutanthauza kuti zamatidwa kuchokera kwina. Umenewu si umboni wa kuba, chifukwa mwina anayambira pa foni kapena m'fayilo ina. Muitaneni akufotokozereni chifukwa chimene ndime yachitatu ili pamenepo, ndipo yankho lake likuuzani zambiri.

Inunso pochonga musamukonzere m'kati mwa ziganizo. Mukatero, iye angodina Accept All, ntchito n'kukhala yabwino, iye osaphunzirapo kanthu. Lembani ndemanga zitatu kapena zinayi zofunsa, monga "umboni wa mfundoyi uli pati?" kapena "ndime iyi ikusiyana bwanji ndi yachiwiri?", ndipo kukonza kukhale kwake.

Magetsi anazima, chimangirizo changa chonse n'kutayika. Ndipewe bwanji?

Sungani fayilo ndi dzina musanalembe chiganizo choyamba, kenako Ctrl+S mukamaliza ndime iliyonse. Word imadzisungira yokha mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe, ndipo mukhoza kutsitsa kufika pa 2 ku File, Options, Save. Fayilo imene simunaisunge n'komwe muiyang'ane ku File, Info, Manage Document, Recover Unsaved Documents, msanga masiku asanapite. Musanayambe ulendo uliwonse wokonza, gwiritsani ntchito Save As n'kuika nambala ku dzina: chimangirizo1, chimangirizo2. Kope lina likhale pa fulashi kapena mudzitumizire pa imelo, chifukwa makope awiri okhala pa kompyuta imodzi amatayikira limodzi kompyutayo ikafa.