Amayi anga akudwala khansa ndipo akuti Mulungu wawataya

FUNSO: Anti, amayi anga anawapeza ndi khansa ya m'mawere ndipo panopa ali pa kemo, mankhwala olimbana ndi khansa aja. Za thupi ndikuziona, koma chikundisowetsa mtendere ndi mtima wawo, usiku tulo sakulipeza amangoyang'ana kudenga, munthu woti ankakonda kupemphera pano akuti Mulungu wanditaya. Anzawo ena akuti azisinkhasinkha Mawu, enanso akuti asiye mankhwala angokhulupirira basi. Nditani ine? — Mwana wawo wamkazi

YANKHO: Pepani kwambiri achemwali, zimenezi nzowawa ndithu. Choyamba chonde chonde mankhwala asasiye. Kusinkhasinkha sikuphwetsa chotupa, ndipo amene akuwauza kuti kulandira kemo nkuchepa chikhulupiriro akuwasenzetsa katundu wina pamwamba pa matenda, musawalole.

Koma kusinkhasinkhako kumathandiza, kumbali ya mantha, nkhawa ndi tulo. Munthu akakhala phee nkumabwereza mawu ochepa mofatsa mpweya umayamba kuyenda pang'onopang'ono, mtima umasiya kuthamanga, mapewa aja amamasuka. Mu 2001 ofufuza a ku Italy anapeza kuti anthu akamapemphera kolona kupuma kwawo kumatsika kufika pafupifupi ka 6 pa mphindi, apa nkuti thupi ladekha. Ndiye kaya ndi kolona, kaya ndi vesi, kaya ndi zikiri ya anzathu achisilamu, kubwereza kofatsako kuli ndi ntchito yake.

Mawu aja oti Mulungu wanditaya ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Musawakalipire, musathamangirenso kuwatsutsa ndi mavesi ambirimbiri. Cicely Saunders, mayi amene anatsegula St Christopher's Hospice, malo osamalira odwala matenda osachiritsika, ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa wodwala sukhala m'thupi mokha, umakhalanso m'maganizo, m'banja ndi mumzimu, ndipo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, nawo amati chisamaliro cha odwala matenda aakulu chiyenera kufika mpaka ku zauzimu. Amayi anuwo ukuwawa ndi mzimu. Ine ndimaona kuti wodwala akamaona ngati matenda ndi chilango, kumuuza kuti pempherani kwambiri kumangomuwonjezera kudziimba mlandu. Bwanji osayamba ndi Salimo 13, limene limafunsa Mulungu kuti andiiwala mpaka liti? Salimo 88 nalo limadandaula mpaka kumapeto osabweza. Aone kuti kulira kwawoko kulimo kale m'Baibulo, kenako Salimo 23 lija lidzabwera okha akadzalifuna.

Kachitidwe kake nkosavuta. Zimitsani wailesi ndi foni, agone mmene akumvera bwino, sikuti mpaka agwade ayi. Asankhe okha chiganizo chimodzi chachifupi, theka azinena mumtima pokoka mpweya, theka linalo potulutsa, mphindi 5 kapena 10 zakwana. Maganizo akathawira ku zotsatira za kuchipatala angobwerera ku chiganizo chija osadzikwiyira, zimachitikira aliyense. Masiku amene kemo yawafoola, nseru ili tho ngakhale kutsegula maso akulephera, inuyo muziwerenga motsitsa mawu mutawagwira dzanja, iwo azingomvera. Akati lero ayi, ndiye kuti ayi.

Chinanso, munthu sangasinkhesinkhe ululu uli pachimake, ndiye ngati kusagonako nchifukwa cha kupweteka auzeni adokotala kapena anesi, mankhwala amphamvu ngati morphine alipo ndipo ntchito yake ndi yomweyo. Mukaona kuti padutsa masabata 2 ali khuma, palibe chikuwasangalatsa, akukana kudya, nenaninso kuchipatala chifukwa kuvutika maganizo kotero kuli ndi chithandizo chake. Akayamba kulankhula zodzipha musadikire, nenani tsiku lomwelo ndipo asakhale okha.

Ngati ali ndi abusa, ansembe kapena shehe amene amawakhulupirira, afunseni amayi ngati angafune kuti abwere, koma akhale munthu wodziwa kumvetsera. Nanunso achemwali pezani wachibale wokulandirani masiku ena kuti mugoneko.